Mabwinja a Aroma: gaidi mumulipire pati, muyende nokha pati?

Mukangotuluka pa siteshoni ya Colosseo mu mzinda wa Roma, chimpanda cha Colosseum chimakhala chili njo patsogolo panu. Musanatulutse n'komwe foni yoti mujambule, anyamata olendewetsa makhadi pakhosi amakhala atakuzingani kale, aliyense akulumbira kuti mukatsata iye simuima pamzere. Alendo ambiri amataya ndalama pamalo amenewa, chifukwa amasankha ali pamsewu, dzuwa likuswa mtengo, asakudziwa chimene akugula.

Mabwinjawa ndayendamo m'chigulu, ndayendamo ndekha, ndayendamonso ndi wotsogolera alendo, uja timangoti gaidi, wolembedwa ntchito ndi ife tokha. Ndinene kale kumene ndaima. Colosseum sivuta kuimva: ndi bwalo la masewero, ndipo aliyense amene analowapo mu sitediyamu ya Bingu kapena ya Kamuzu amazindikira makomo, masitepe ndi pokhala anthu akangoona. Koma Forum, chigwa choyandikana nayo chomwe munali misika, makhoti, akachisi ndi nyumba ya malamulo, ndi miyala yongoti mbwee. Popanda wokuuzani mumangodutsa. Ndalama ya gaidi iyenera kuthera kumene miyala ili chete, pamene maulendo ambiri ogulitsidwa pa intaneti amachita mosemphanitsa.

Zoyezera zinayi

Choyamba ndi mtengo, ndipo apa siyanitsani tikiti yolowera ndi malipiro a gaidi. M'chaka cha 2025 tikiti wamba ya boma inali mayuro 18, ndipo tikiti imodzi yomweyo imakulowetsani malo atatu: Colosseum, Forum ndi phiri la Palatino, bola pasathe maola 24. Ina ya mayuro 24, yotchedwa Full Experience, imagwira masiku awiri ndipo imawonjezera malo monga pabwalo pomwe ankamenyanirana paja kapena zipinda za pansi pake. Ana osakwana zaka 18 salipira, angakhale a dziko liti. Mtengo wa mayuro 2 wa achinyamata a zaka 18 mpaka 25 ndi wa nzika za European Union, mlendo wa pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia asauwerengere. Ndiye mukaona ulendo wa mayuro 65, chotsanipo 18. Zotsalazo ndi za pakamwa pa gaidi ndi za kampani, ndipo funso lanu likhale lakuti kodi pakamwapo pakuyenera ndalamazo.

Chachiwiri ndi kapezekedwe. Mu Colosseum salola anthu opitirira 3,000 nthawi imodzi, n'chifukwa chake tikiti iliyonse imakhala ndi ola lake. Bungwe loyang'anira malowa, Parco archeologico del Colosseo, limatulutsa matikiti pa tsamba lake kutatsala masiku 30. Kuyambira mu Okutobala 2023 tikiti imalembedwa dzina la mwini wake ndipo pakhomo amafuna chiphaso. Lamuloli linabwera chifukwa cha katangale wa matikiti: mu Epulo 2025 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Italy, AGCM, linalipiritsa pafupifupi mayuro 20 miliyoni kampani yomwe inkagulitsa matikitiwa pamodzi ndi makampani asanu ndi imodzi okopa alendo, pa mlandu wokokolola matikiti, ena pogwiritsa ntchito makompyuta, kuti mlendo asapeze otsika mtengo. Lembani dzina ndendende momwe lilili mu pasipoti. Mayi amene kumpingo amadziwika ndi dzina la mwamuna wake pomwe pasipoti ili ndi la bambo ake, asamale kwambiri apa.

Chachitatu ndi ntchito yotsalira inu, pakuti ngakhale mulipire bwanji, miyendo ndi yanu. Msewu wa Via Sacra, wodutsa pakati pa Forum, ndi miyala yakuda, ikuluikulu, yoterera ndiponso yosalingana. Mthunzi m'Forum ndi wochepa, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti kutentha kumapitirira madigiri 35, kofanana ndi Chikwawa mwezi wa Okutobala. Zikwama zikuluzikulu salowetsa. Mwayi ndi wa madzi: mu Roma muli mipopi ya chitsulo yosatseka, yomwe eni ake amaitcha nasoni, ndipo madzi ake ndi ozizira, abwino kumwa, aulere. Tengani botolo lopanda kanthu.

Chachinayi ndi zoopsa. Mawu akuti skip the line, omwe ali pa chikwangwani chilichonse, asakutengeni mtima. Aliyense amene ali ndi tikiti ya ola lake saima pamzere wogulira matikiti, ndipo palibe, ngakhale wolipira mayuro 200, amene amadumpha mzere wofufuza zikwama. Ugaidi ku Italy ndi ntchito ya chiphaso. Lamulo la mu Disembala 2023 linakhazikitsa kaundula wa dziko lonse, ndipo gaidi weniweni amavala khadi lokhala ndi chithunzi chake. Funsani kuti mulione, paja safunsa anadya phula. Ine ndili ndi kayesedwe kanganso: ndimafunsa ngati mtumwi Paulo anaonapo Colosseum. Gaidi wodziwa amayankha kuti ayi, chifukwa anayamba kuimanga mfumu Vespasian cha m'ma 72 AD ndipo anaitsegulira mwana wake Titus mu 80 AD, Paulo atamwalira kale. Akhristu amene mfumu Nero anawapha mu 64 AD anafera kwina, kudera lomwe lero kuli Vatican. Wokuuzani kuti Petro ndi Paulo anaponyedwa ku mikango momwemo akungofuna kukusangalatsani.

Njira yoyamba: gulu lalikulu

Mtengo: nthawi zambiri pakati pa mayuro 40 ndi 70 munthu mmodzi, tikiti ili momwemo. Pa maulendo olowa m'kati ndi gaidi, uwu ndiye wotsika.

Kapezekedwe: ndi wosavuta kuupeza, mwina ngakhale kutatsala tsiku limodzi, ndipo a Chingerezi amanyamuka kangapo pa tsiku.

Ntchito yotsalira inu: kufika pamalo okumanirana kutatsala mphindi 20 kapena 30, kuvala kawailesi kam'khutu, ndi kusasiyana ndi kambendera ka gaidi pakati pa timbendera tina makumi angapo. Liwiro ndi la gulu. Wofuna kuchimbudzi amasiyidwa.

Zoopsa: mukachedwa ndalama yapita, chifukwa ola la tikiti silibwerera. Nthawi zina kampani imasintha ola kapena kulephereza ulendo usiku woti mawa mupita, itakanika kupeza matikiti. Koma vuto lalikulu ndi kagawidwe ka nthawi, ndipo ili ndinaliona ndi maso. Ndinapita ndi amayi anga, a zaka za m'ma 70, omwe bondo lakumanja limawavuta. Tinali anthu pafupifupi 30. Pa ulendowo, theka la ola linathera pogawa mawailesi ndi kuwerengana, ola ndi theka mu Colosseum. Gaidi wathu sanali woipa. Anatisonyeza manambala achiroma omwe akuonekabe pamwamba pa makomo, omwe ankathandiza anthu 50,000 kupeza malo awo. Anatiuza kuti zibowo zodzaza m'makoma si za zipolopolo koma ndi momwe anthu a m'nthawi yotsatira, ufumu wa Aroma utagwa, anazulamo zitsulo zomangira miyala, ndiponso kuti mbali yakummwera inagwa ndi chivomerezi cha mu 1349. Titawolokera ku Forum, nthawi inali itatha. Anatiimika pa chipata cha Titus, chikumbutso cha miyala choima polowera m'Forum, nalozera chigwa chonse ndi ambulera, natolera mawailesi ake, natsanzika. Amayi anakhala pa mwala, nayang'ana zipilala zothyokazo kwa kanthawi, kenako anati, "Kodi mwanangu, miyala yomweyi ndi imene tinavutikira viza?" Ndinalibe chowayankha, poti nanenso sindinkadziwa kuti mwala uti ndi chiyani.

Njira yachiwiri: gulu laling'ono lotsikira pansi

Pansi pa bwalo la Colosseum pali tinjira ndi tizipinda tomwe anawonjezera Domitian, mng'ono wake wa Titus. M'menemo ndimo munkadikirira zilombo ndi anthu okamenyana, ndipo munali zikepe zamatabwa zokokedwa ndi akapolo, zotulutsira nyama pamwamba kudzera pa timakomo tobisika mumchenga. Kuyambira mu 2021 alendo amatha kuyendamo pa kanjira ka matabwa, koma moperekezedwa basi.

Mtengo: mukapeza tikiti ya boma ndi ija ya mayuro 24, kapena yokwererapo pang'ono ikakhala ndi wofotokoza. Kudzera m'makampani, yembekezerani mayuro 90 kupita m'tsogolo.

Kapezekedwe: apa ndiye pali nkhondo. Matikiti a pansi ndi ochepa ndipo m'miyezi ya alendo amatha tsiku lomwe atuluka, nthawi zina m'mphindi zochepa. Kwa amene akulipira ndi khadi la banki ya kwathu, onetsetsani kale kuti khadilo likuloledwa kulipira kunja ndiponso kuti malire a ndalama zakunja sanakwane, chifukwa tsambalo silidikira kuti muimbire banki.

Ntchito yotsalira inu: kuwerengera masiku 30 aja, ndi kukonza tsiku lonse mozungulira ola limene mwapeza, lingakhale loipa.

Zoopsa: werengani bwino chimene mukugula. Tikiti yolembedwa arena imakuimikani pamwamba n'kumasuzumira pansi, yolembedwa underground ndi imene imakutsitsani. Ena amasakaniza mawu awiriwa dala. Kunena zoona pansipo n'posangalatsa, gulu la anthu khumi kapena khumi ndi awiri limamvana bwino, ndipo mumatha kufunsa mafunso. Komabe ndalama zambiri zatheranso ku Colosseum, Forum n'kutsala momwe muja.

Njira yachitatu: gaidi wanuwanu

Mtengo: amalipiritsa pa ola, osati pa mutu. Maola atatu amatha kukhala pakati pa mayuro 200 ndi 350, matikiti n'kugula padera. Kwa munthu mmodzi n'zowawa. Mukakhala asanu ndi mmodzi n'kugawana, aliyense amalipira zofanana ndi za gulu lalikulu lija. Anthu ambiri sachita masamu amenewa.

Kapezekedwe: odziwa ntchito amadzaza msanga, makamaka nyengo ya Pasaka, Meyi, Juni, Seputembala ndi Okutobala. Lemberanani kutatsala milungu ingapo, ndipo mugwirizane kuti matikiti agula ndani.

Ntchito yotsalira inu: kunena chimene mukufuna. Gaidi wotere ali ngati telala, amasoka malinga ndi muyeso womwe mwamupatsa. Mukangoti "tionetseni zonse" mulandira ulendo womwe uja wa chigulu pa mtengo wokwera. Mmawa wotsatira ndinabwerera ndi amayi ndi abale ena anayi, titapeza mayi wina wa chiphaso. Tinamuuza zinthu zitatu: Colosseum taiona kale, amayi akufuna kupuma pafupipafupi, ndipo amakonda za m'Baibulo. Anatiyambitsa pa chipata cha Titus chomwe chija, natiuza tiyang'ane m'kati mwake kumanzere. Pamenepo pali chosema cha asilikali atasenza choikaponyale cha nthambi zisanu ndi ziwiri, cholandidwa m'kachisi wa ku Yerusalemu mu 70 AD. Dzulo lake tinaima pomwepo mphindi khumi osachiona. Amayi anangoti kukamwa yasa. Akatswiri owerenga zibowo za zilembo pa mwala wina wa mu Colosseum anapeza kuti bwalolo linamangidwa ndi chuma cholanda kunkhondo, ndipo ambiri amakhulupirira kuti ndi nkhondo yomweyi.

Kutsika ndi Via Sacra anatisonyeza kamulu ka miyala kofoleredwa ndi denga, komwe munthu angaganize kuti ndi pomwe amanga anasiya zinyalala. Ndi pamene anawotchera mtembo wa Julius Caesar mu 44 BC, ndipo mpaka lero pamakhala maluwa ndi timakobidi toponyedwa ndi alendo. Chakumapeto kwa chigwa kuli chipata cha Septimius Severus cha mu 203 AD, mfumu ya Roma yobadwira mu Africa, ku Leptis Magna, dziko lomwe lero ndi Libya. Koma chimene amayi amakambabe mpaka pano ndi masitepe a Basilica Julia, nyumba ya makhoti. Pa miyala yake pali timaenje ndi timizere togoba, pomwe anthu osowa chochita ankaseweretsa timiyala podikira milandu. Amayi anawerama, bondo loiwalika, nati, "Aa, awa ankasewera bawo pabwalo la milandu ngati amuna a kwathu!" Masewerowo sanali bawo, koma anthuwo anawaona.

Ngati gulu lanu ndi la mpingo, pemphani kuti ulendo uthere pa ndende ya Mamertino, m'mphepete mwa Forum, yomwe mwambo wa mpingo umati munatsekeredwa Petro ndi Paulo. Ili ndi tikiti yakeyake, ndipo gaidi woona mtima adzakuuzani kuti ndi mwambo, osati chinthu cholembedwa ndi a nthawiyo.

Zoopsa: kulipira chikole kwa munthu amene simunamuone. Funsani nambala ya chiphaso, pewani kutumiza ndalama yonse, ndipo mvanani za chochita mvula ikagwa kapena ndege ikachedwa. Chinanso n'chakuti mukapanda kugwirizana mtima ndi gaidiyo, mulibe gulu loti mubisalemo kwa maola atatu.

Njira yachinayi: ulendo wotchedwa waulere

Mtengo: mumapereka chimene mwakonda pamapeto, ndipo ambiri amapereka mayuro 10 mpaka 20. Gaidiyo nthawi zambiri amalipira kampani pa mutu uliwonse umene wabwera, choncho kuchoka osapereka kanthu n'kumudyera.

Kapezekedwe: tsiku lililonse, kungolembetsa dzina pa intaneti.

Ntchito yotsalira inu: kutenga ndalama ya m'manja, ndi kugula nokha matikiti a tsiku lina ngati mukufuna kulowa.

Zoopsa: maulendowa salowa m'malo olipiritsa. Mumayenda mu msewu wa Via dei Fori Imperiali n'kumasuzumira pa mpanda, ndipo popeza malipiro amadalira kuseka kwanu, nthabwala zimachuluka kuposa mbiri. Ndi wabwino madzulo a tsiku lofika, kuti mudziwe kumene kuli chiyani.

Njira yachisanu: nokha ndi foni

Mtengo: mayuro 18 aja basi. Bungwe loyang'anira malowa lili ndi pulogalamu ya pafoni, MyColosseum, yofotokoza zinthu m'khutu. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse kulowa n'kwaulere, koma tsikulo mzere wake ndi wonga wa feteleza wotsika mtengo, ndipo mlendo wa masiku atatu sayenera kuwononga mmawa wonse kuti apulumutse mayuro 18.

Kapezekedwe: muli ndi ufulu wosankha ola. Amatsegula 8:30 mmawa, ndipo ola loyambalo kapena maola awiri otsiriza ndiwo abwino. M'chilimwe cha kumeneko amatseka cha m'ma 7 madzulo, m'nyengo yozizira 4:30.

Ntchito yotsalira inu: apa ndiye yonse ndi yanu. Tsitsani pulogalamuyo muli pa intaneti ya kuhotela, tchajani foni, tengani zam'khutu, ndipo werengani pang'ono usiku wake kuti mayina a Augustus, Nero ndi Constantine musawasokoneze. Langizo limodzi laulere lomwe limasintha zonse: musanalowe, kwerani phiri la Campidoglio n'kuzungulira kuseri kwa nyumba ya khonsolo. Pamenepo chigwa chonse cha Forum chimaoneka pansi panu ngati mapu, osalipira kanthu. Kenako lowerani pa khomo la Palatino la mu msewu wa Via di San Gregorio, lomwe kawirikawiri limakhala ndi anthu ochepa, muyambe ndi nyumba za mafumu pamwamba pomwe pali mitengo, n'kumatsika.

Zoopsa: masamba a pa intaneti ooneka ngati a boma koma ogulitsa tikiti yomweyo kawiri mtengo wake. Opisa m'matumba mu sitima ya pansi ndi m'basi nambala 64, omwe amakonda munthu woyang'ana pafoni. Amuna ovala ngati asilikali achiroma, omwe amamwetulira pojambulitsa kenako n'kutchula mtengo. Musatole kamwala kokaonetsa kumudzi, ndipo musalembe dzina pakhoma: mlendo wina amene anagoba mayina ndi kiyi pa Colosseum mu 2023 anasakidwa ndi apolisi, ndipo chindapusa cha mlandu wotere ndi mayuro masauzande ambiri. Pakagwa vuto, nambala ya chithandizo ndi 112. Choopsa chenicheni, komabe, ndi chija cha amayi: foni siidziwa kuti mwayang'ana kumbali yolakwika.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kutuluka mu Roma, Ostia kapena Pompeii

M'Forum mumaona za mafumu. Wofuna kuona momwe munthu wamba ankakhalira, kumene ankagula buledi ndi kumene ankasamba, apite ku umodzi mwa mizinda iwiriyi.

Mtengo: Ostia Antica, doko lakale la Roma pa mathiriro a mtsinje wa Tiber, lili pa mtunda wa makilomita 25 okha. Mumakwera sitima pa Porta San Paolo, pafupi ndi siteshoni ya Piramide, ndi tikiti wamba ya mu mzinda, ndipo pa theka la ola mwafika. Kulowa kunali mayuro 18. Pompeii ili kutali, kupitirira Napoli. Maulendo a basi ochokera ku Roma amadutsa mayuro 100, amatenga maola 12 kapena 13, ndipo m'mabwinjamo mumakhalamo maola awiri okha. Njira ina ndi sitima yothamanga, ola limodzi ndi mphindi pafupifupi khumi kufika ku Napoli, kenako kasitima ka Circumvesuviana mphindi 40 mpaka pa Pompei Scavi. Tikiti yolowera inali mayuro 18 mu 2025, kapena 22 yophatikiza nyumba za kunja kwa linga monga Villa dei Misteri. Pa khomo la Porta Marina magaidi a chiphaso amasonkhanitsa timagulu ta maola awiri pa mtengo wa pafupifupi mayuro 20 munthu mmodzi.

Kapezekedwe: Ostia sidzaza, koma Lolemba amatseka, ndipo gaidi muyenera kupangana naye kale chifukwa pakhomo sachuluka. Pompeii kuyambira mu Novembala 2024 imalandira anthu osapitirira 20,000 pa tsiku, matikiti ake ndi a mayinanso.

Ntchito yotsalira inu: Pompeii ndi mzinda wathunthu wa mahekitala 66, omwe pafupifupi 44 anafukulidwa chiyambire 1748. Simungaumalize. Apa gaidi amathandizadi, chifukwa nyumba zina amatsegula mosinthanasinthana ndipo iye amadziwa zotsegula lero. Adzakuonetsani miyala yowolokera msewu wodzaza madzi oipa, mikwasa ya ngolo yodyeka m'miyala, malo ogulitsira zakudya zotentha okhala ndi mitsuko m'tebulo, chiimirire cha nthawi imeneyo, ndi matupi a anthu ofa pamene phiri la Vesuvius linaphulika mu 79 AD, omwe Giuseppe Fiorelli anayamba kuwaumba mu 1863 pothira pulasitala m'mphako zotsala mu phulusa. Kwa oyenda movutikira kuli njira yosalazidwa ya makilomita atatu ndi theka, yoyambira ku khomo la Piazza Anfiteatro. Ku Ostia kuli mthunzi wa mitengo ya paini, ndipo mutha kuyenda nokha osasochera. Musaphonye bwalo la kuseri kwa malo a zisudzo, Piazzale delle Corporazioni, komwe amalonda a zombo anali ndi timaofesi pafupifupi 60, kalikonse ndi chizindikiro chake pansi. A ku Sabratha, ku Libya, anaika njovu, ndipo a ku Carthage analemba dzina lawo pakati pa zombo. Akatolika adziwe kuti Monika Woyera, mayi wa Augustino, anamwalira ku Ostia komweku mu 387 akudikira chombo chobwerera kwawo ku Africa.

Zoopsa: ku Pompeii ndi dzuwa, kutopa, ndi kasitima kodzaza komwe opisa m'matumba amakakonda. Pafupi ndi siteshoni pali maofesi ooneka ngati a boma ogulitsa matikiti okwera mtengo, pomwe khomo lenileni lili mamita ochepa kutsogolo. Maulendo ena a basi amadyanso nthawi yanu poima pa sitolo ya zokumbutsa ulendo. Ku Ostia choopsa n'kupita Lolemba basi.

Ndani atenge iti

Muli ndi tsiku limodzi lokha, muli nokha kapena awiri: gulani tikiti ya mayuro 18 pa tsamba la boma, lowani mu Colosseum ndi foni pa ola loyamba, ndipo ngati mungakwanitse, lipirani gaidi maola awiri a Forum ndi Palatino okha. Matikiti a boma akatha, gulu lalikulu ndilo pothawira, koma funsani kuti ndi mphindi zingati zimene adzakhale nanu m'Forum musanalipire.

Muli ndi makolo okalamba, ana aang'ono, kapena ndinu anthu asanu kupita m'tsogolo: gaidi wanuwanu, mmawa, ndipo mumuuze za mabondo ndi zimbudzi osachita manyazi. Gulu la mpingo lichitenso chimodzimodzi, ndipo likhoza kuwonjezera msewu wa Via Appia, womwe unayamba kumangidwa mu 312 BC, umene Paulo anadzera polowa mu Roma. M'mbali mwake muli manda a pansi pa nthaka a San Callisto ndi San Sebastiano, komwe kulowa n'kwa gaidi basi ndipo malipiro ake ali m'tikiti momwemo.

Ndalama zachepa: ulendo waulere madzulo, Campidoglio dzuwa likulowa, mawa lake nokha ndi foni. Munabwerapo kale kapena mumakonda za kamangidwe: limbanani ndi matikiti a pansi aja. Muli ndi masiku atatu ndipo mwatopa ndi chipwirikiti: Ostia. Pompeii ipiteni ngati mungagone ku Napoli kapena mungapirire kudzuka mbandakucha, ndipo pitani pa sitima, osati pa basi. Nthawi ikachepa mukafika kumeneko, Herculaneum, mzinda wina wokwiriridwa ndi phiri la Vesuvius, pa siteshoni ya Ercolano Scavi ya njanji yomweyo, ndi yaing'ono, imatheka pa maola awiri kapena atatu, ndipo matabwa a nyumba zake anapsa n'kusungika.

Mukukhala ku Britain ndi pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia: chilolezo chanu cha kumeneko sichikulowetsani ku Italy. Mufunika viza ya Schengen, yomwe kuyambira mu Juni 2024 ndi mayuro 90 kwa wamkulu, ndipo padera mufunikanso inshuwaransi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Podikira tsiku la ku ofesi ya viza, mabwinja a Aroma ali pafupi nanu. Kachisi wa Mithras, mulungu wina wopembedzedwa ndi Aroma, mu London, pafupi ndi siteshoni ya Bank, ndi waulere. Ku Bath tikiti ya malo osambira achiroma imabwera ndi chofotokozera cha m'khutu. Kumpoto kuli linga la mfumu Hadrian, loyamba kumangidwa mu 122 AD, la makilomita 117, komwe gulu lina la asilikali olondera linali lochokera kumpoto kwa Africa, ndipo Septimius Severus wa chipata cha m'Forum uja anamwalira ku York mu 211.